Gaidi akati tibwerere, tibwerere

Nyengo yachisanu ikamayandikira, magulu a pa WhatsApp kuno ku Kasungu amadzaza ndi zithunzi zoitanira anthu ku ulendo wa ku Mulanje. Achinyamata a kutchalitchi, ogwira ntchito m'mabanki ndi m'maofesi a pa boma, aphunzitsi, ngakhale alimi amene angogulitsa fodya n'kutsala ndi kangachepe m'thumba, onse akufuna akajambulitse pansonga ya Sapitwa. Ndondomeko yake imakhala imodzimodzi: kunyamuka Lachisanu tikaweruka, kuyenda usiku wonse pa kositala, kukwera Loweruka, kutsika Lamulungu, Lolemba aliyense ali pantchito. Mtengo amaulemba ndi manambala akuluakulu, ndipo amati muli mayendedwe, chakudya ndi malaya a ulendowo. Za tsiku loonjezera ngati kunja kwaipa salembapo. Za munthu amene adzakhale ndi mawu omaliza paphiripo salembaponso.

Ndimakondwera kuona Amalawi akukwera mapiri awo. Kwa zaka zambiri tinkaona ngati imeneyi ndi ntchito ya azungu, ife yathu n'kuwanyamulira zikwama. Koma ulendo wokonzedwa motere tsiku lina udzatiphera mwana, ndipo mizimu kapena kutalika kwa phiri sizidzakhala ndi mlandu. Chidzamuphe ndi changu chofuna kubwerera pa nthawi, pamodzi ndi chizolowezi chathu chomaona wolondolera njira ngati waganyu amene ayenera kumvera amene wamulipira. Pa Sapitwa, gaidi akati tibwerere, gulu lonse libwerere, ngakhale nsonga ikuoneka apo pomwe. Ulendo umene ndalama ndi masiku ake sizilola kubwerera kotere usanyamuke n'komwe.

Ambiri a ife tinaphunzirira kukwera pa phiri lathu la Kasungu, ndipo phiri limeneli limatinamiza. Ukanyamuka m'mawa utamwa tiyi, dzuwa lisanafike pamutu uli pamwamba, ukuona malata a m'tauni akunyezimira, msewu wa M1 utatambalala, minda ya fodya mpaka kumene maso alekeza. Ukatopa ukhala pamwala, ukamva ludzu utsika. Ukasochera pang'ono umva tambala akulira kumudzi, kapena ukumana ndi mayi wotola nkhuni akulozera njira. Anzathu a ku Mchinji nawonso ali ndi mapiri awo a m'malire, kumene kumachokera mtsinje wa Bua, ndipo nkhani yake ndi yomweyo: mudzi sutalikira. Munthu akakwera mapiri otere kangapo amayamba kudziona katswiri, n'kumaganiza kuti Mulanje ndi phiri lomweli koma lokulirapo.

Sapitwa ndi wotalika mamita 3,002, ndipo palibe malo ena m'Malawi muno oposa pamenepo. Mulanje yenseyo si phiri limodzi ayi, ndi dziko lapamwamba lalikulu masikweya kilomita pafupifupi 650, lokhala ndi zigwa zake, mitsinje yake ndi nsonga zambiri zopitirira mamita 2,500. Munthu wochokera ku Likhubula, kumene ambiri amayambira, ayenera kukwera mamita oposa 2,000 kuti afike pansonga. Tsiku loyamba lonse limathera kufika pa kanyumba ka Chisepo, kamene kali m'munsi mwa Sapitwa. Kuchokera pamenepo kupita pamwamba ndi kubwerera zimadya maola 6 kapena kuposerapo kwa munthu wamphamvu, kunja kuli bwino. Tsono onjezerani msewu. Kuchoka pa Kasungu kudzera ku Lilongwe ndi Blantyre mpaka ku Mulanje ndi makilomita pafupifupi 500. Wofika ku Likhubula Loweruka mbandakucha amakhala atagona chokhala, miyendo itatupa, m'mimba muli mandasi ndi fanta za pa Ntcheu. Ameneyo ndiye tikumuuza kuti ayambe pomwepo ulendo umene anthu okonzeka amaupatsa masiku atatu.

Ndipo chigawo chomaliza cha ku Sapitwa si njira ngati imene timaidziwa. Pali matanthwe otsetsereka amene umakwera ndi manja ndi mapazi, pali miyala ikuluikulu younjikana imene umachita kukwawa pansi pake, pali mitengo yopiringizika yokutidwa ndi ndere. Pakati pa miyalayo pali maenje amene ukagweramo, mnzako ali chapafupi pomwepo sangakuone. Chimene chimakutsogolera ndi tizizindikiro ta penti pamiyala, ndipo ukaphonya kamodzi kokha, mwala uliwonse umafanana ndi unzake. Thanthwe likauma, nsapato imagwira. Likanyowa, ngakhale pang'ono, limaterera koopsa, ndipo kutsika kumavuta kuposa kukwera chifukwa maondo amakhala atatha kale.

Chimene ife a kuchidikha sitichidziwa bwino ndi chiperoni. Kuno timangomva kuti lero kwachita mitambo, kwazizira, tivale juzi. Ku Mulanje, makamaka kuyambira May mpaka August, mphepo yachinyontho yochokera kunyanja yamchere kudzera ku Mozambique imagunda phiri n'kusanduka nkhungu yokhuthala ndi mvula yowaza. Imatha kufika mwadzidzidzi kunja kunali ngwee, ndipo imatha kukhala masiku angapo osachoka. Nkhunguyo ikakuta, sutha kuona mnzako amene ali patsogolo pako, mawu amamveka ngati akuchokera mbali ina, ndipo penti ya pamwala ija imasowa. Pamenepo ndi pamene anthu amayamba kutsika chigwa cholakwika poganiza kuti kutsika kulikonse kukafika kumudzi. Pa Mulanje zigwa zambiri zimathera paphompho.

Kuzizira kwakenso kuli ndi masamu ake. Ukakwera mamita 1,000, mpweya umazizira ndi madigiri pafupifupi 6. Kasungu tili kale pamtunda wa mamita oposa 1,000, komabe pansonga ya Sapitwa pamazizira ndi madigiri oposa 10 kuyerekeza ndi kuno, tisanawerengere mphepo ndi kunyowa. Usiku wa mu June ndi July madzi amatha kuuma pamwambapo. Ganizani za m'mawa wa July umene mumakanika kutuluka m'bulangete, muchotsepo madigiri khumiwo, kenako muvale jinzi yonyowa, mukhale pamwala usiku wonse mphepo ikuwomba.

Ndikhalepo pang'ono pa zimene kuzizira kumachita m'thupi, chifukwa ambiri amaganiza kuti imfa ya paphiri ndi kugwa basi. Thupi la munthu limafuna kutentha kwa madigiri 37. Likatsika kufika pansi pa 35, zinthu zayamba kuipa. Poyamba munthu amanjenjemera, mano kugundana, zala kukanika kumanga chingwe cha nsapato kapena kutseka zipi. Kenako amayamba kupunthwa pamalo abwinobwino, kuyankhula mokoka lilime, kuyankha zosagwirizana ndi funso. Anzake amaseka, kumati wamwa kapena akuchita matama. Iye mwini sadziwa kuti akudwala, chifukwa chiwalo choyamba kusokonekera ndi chomwecho chimene chikanamuchenjeza. Amakhala pansi n'kunena kuti pitani, ndikupezani. Kunjenjemera kukasiya koma munthuyo asanafundidwe, musati wachira, ndiye kuti thupi lagonja. Ena pamapeto amavula zovala poganiza kuti akumva kutentha. Munthu wotere safunika kumulimbikitsa ndi mawu kapena kumukalipira. Mumuchotse pamphepo, mumuvule zonyowa, mumuveke zouma, mumufunditse, asakhale pamwala wopanda choyala, ndipo ngati akutha kumeza mumupatse chakumwa chofunda cha shuga. Musamupatse mowa. Ndikudziwa kuti m'zikwama zambiri mumakhala kabotolo koti n'kotenthetsera thupi, koma mowa umatsegula mitsempha ya pakhungu, munthu amva ngati wafundidwa pamene kutentha kwake kukuthawira kunja.

Palinso vuto la mpweya. Kuyambira pa mamita 2,500 anthu ena amamva mutu, nseru ndi chizungulire chifukwa mpweya wa kumwamba ndi wopepuka. Sapitwa sali ngati mapiri a ku Himalaya, komabe kwa munthu amene sanagone, wakwera mothamanga ndipo sanamwe madzi okwanira, zimenezi n'zokwanira kumusokoneza maganizo pa nthawi imene akufunika kuganiza bwino.

Izi si zongoopseza. Mu July 2009, Gabriel Buchmann, mnyamata wa ku Brazil wa zaka 28, wophunzira bwino zachuma, anafika ku Mulanje atayenda m'mayiko ambiri kwa pafupifupi chaka. Ulendo wake unali kumapeto, masiku obwerera kwawo atayandikira, ndipo anafuna kukwera Sapitwa mwachangu. Anali ndi gaidi, koma chigawo chomaliza anapita yekha, atavala zopepuka. Kunja kunasintha. Anthu anamufunafuna pansi ndi mumlengalenga, akatswiri ena kuchokera kunja, koma mtembo wake unapezeka mu August, patapita pafupifupi masabata atatu. Chinamupha ndi kuzizira. Zaka 6 izi zisanachitike, mu 2003, mtsikana wina wa ku Netherlands amene ankagwira ntchito ku Mulanje komweko ananyamuka yekha kulunjika ku Sapitwa, ndipo sanabwerere. Onse awiri anali achinyamata amphamvu ndi ophunzira, ndipo onse awiri anali okha pamene phiri linawatembenukira.

Wina anena kuti amenewo anali alendo, sankadziwa dziko. Kodi wa ku Chamama kapena wa ku Kapiri akudziwa chiyani za Sapitwa chimene wa ku Brazil sankachidziwa? Kukhala ndi chiphaso cha Malawi sikukudziwitsa kumene kuli phompho. Paphiri lija ifenso ndife alendo, ndipo penapake ndife alendo osakonzeka kuposa azunguwo, chifukwa iwo amabwera ndi majekete osalowa madzi pamene ife timabwera ndi jinzi, malaya a ulendo aja ndi nsapato zosalala kunsi.

Nkhani ya mizimu sindiiseka. Anthu a ku Mulanje ndi Phalombe akhala ndi phiri lija kwa mibadwo yambiri, ndipo ali ndi malamulo ake: osachita phokoso, osanyoza, osapatuka pagulu, ukapeza chakudya usaitane anzako mwachibwana, pali malo osafikako mwachisawawa. Chikhulupiriro chimenechi ndi mbali ya zimene zinachititsa kuti mu 2025 bungwe la UNESCO liike phiri la Mulanje m'kaundula wa malo ofunika pa dziko lonse. Kaya inu mumakhulupirira mizimu kaya ayi, onani chimene malamulowo amachita: amamupangitsa munthu kuyenda modzichepetsa, kukhala pafupi ndi anzake ndi kumvera eni dera. Chimene ndimakana n'chakuti mizimu ikhale pothawira ngozi ikachitika. Tikangoti phiri lamutenga, ndiye kuti palibenso wofunsa chifukwa chake gulu linanyamuka pa Chisepo 10 koloko m'mawa m'malo mwa mbandakucha, chifukwa chake anthu 30 anali ndi gaidi mmodzi, kapena amene anaumiriza kuti apitirire nkhungu itayamba. Mafunso amenewa ali ndi mayankho, ndipo mayankho ake ali ndi mayina a anthu.

Ife a ku Kasungu tinayenera kumvetsa nkhani ya gaidi kuposa wina aliyense. Tili ndi nkhalango ya zinyama pakhomo pathu, ndipo chibwerere njovu 263 kuchokera ku Liwonde mu 2022, anthu a m'midzi yoyandikana nayo aona zokhoma, ena mpaka kutaya miyoyo. Ndani wa ife angalowe m'nkhalango muja wapansi, msilikali wa zanyama n'kunena kuti imani, tibwerere, iye n'kuyankha kuti ndalipira, ndiyenera kuona njovu? Palibe. Timamvera chifukwa choopsacho chili ndi minyanga, tikuchiona. Choopsa cha pa Sapitwa chimayamba ngati kamtambo kokongola kumbali ya kum'mawa, ndipo amene amadziwa tanthauzo lake ndi munthu uja timamuyenda kumbuyo tikumutcha mnyamata.

Apa ndi pamene pagona vuto lathu lenileni, ndipo ndi la ulemu. Gulu lochokera kutauni limakhala ndi abwana, abusa, aphunzitsi aakulu, anthu ozolowera kuti akayankhula ena amachita. Gaidi nthawi zambiri ndi bambo wa m'mudzi wa m'munsi mwa phiri, sukulu sanapite nayo patali, ndipo ndalama imene alandire pa ulendowo ndiyo ya chimanga cha mwezi umenewo. Akaona nyengo ikusintha sanena molamula. Amati, bwana, kumwambaku sikukuoneka bwino. Bwana uja amayang'ana wotchi, amakumbukira ndalama imene watulutsa ndi anthu amene wawauza kale pa Facebook kuti akukwera, n'kunena kuti tiyeni, tatsala pang'ono, ndikuonjezera kenakake. Bambo uja akana bwanji? Chikhalidwe chathu chomwe, chimene chimatiphunzitsa kusatsutsa wamkulu pamaso, chimamutseka pakamwa. Choncho gulu limapitirira, aliyense mumtima akuganiza kuti pakanakhala choopsa gaidi akanakana, pamene gaidiyo wakana kale m'njira yokhayo imene akanatha.

Ndiye nkhaniyi ithe pansi, gulu lisanayambe kukwera. Wokonza ulendo aimirire pamaso pa onse pa Likhubula n'kunena kuti kuyambira pano mpaka titsike, mawu omaliza ndi a bambo awa, ndipo malipiro awo ndi omwewo kaya tifika pansonga kaya sitifika. Mbali yachiwiriyi ndi yofunika kwambiri. Gaidi amene akudziwa kuti kangachepe kake kadalira pa chithunzi cha pansonga adzakakamizika kutchova juga ndi moyo wanu ndi wake womwe.

Agwirizanenso za ola lobwerera. Mu June ndi July dzuwa limalowa 5 koloko itangopitirira pang'ono, ndipo mdima wa paphiri suchedwa. Muwerengere chobwerera m'mbuyo: kutsika kudzatenga maola angati, wofooka kwambiri m'gulu akuyenda bwanji, ndiye ola lakuti likakwana tikutembenuka paliponse pamene tili. Lamulo limeneli linagulidwa ndi miyoyo ya anthu. Mu May 1996 pa phiri la Everest, lotalika mamita 8,849, magulu ena anali atagwirizana kuti 2 koloko masana ikakwana abwerere, koma anapitirira, ena n'kufika pansonga cha m'ma 4 koloko. Mphepo yamkuntho inawapeza akutsika, ndipo anthu 8 anafa, kuphatikizapo atsogoleri odziwa ntchito ngati Rob Hall ndi Scott Fischer. Ngati akatswiri otere anagonja ku mawu akuti tatsala pang'ono, ife tisadzinamize kuti tidzaganiza bwino tili wefuwefu pamtunda wa mamita 2,900. Chigamulo chipangidwe mitu ili yozizira, m'mimba muli chakudya.

Pali zotsutsa zimene ndimazimva, ndipo zina n'zomveka. Choyamba ndi ndalama. Kuonjezera tsiku, kulemba magaidi okwanira ndi onyamula katundu, kugula jekete ndi nsapato zabwino, zonsezi zikweza mtengo, ndipo mapeto ake phiri lidzabwerera kwa azungu ndi olemera okhaokha. Ndikumva kuwawa kwa mfundo imeneyi. Koma taonani kumene ndalama za maulendowa zimapita. Malaya osindikiza, zokuzira mawu, nyama yootcha, zakumwa. Ndalama ya malaya a anthu 30 ingalipire magaidi ena awiri. Jekete yosalowa madzi, juzi yaubweya, chipewa ndi magolovesi zimapezeka pa kaunjika pamsika wa Kasungu pompano, ndipo sizidula kuposa nsapato zatsopano zimene anthu amagula kuti akaoneke bwino pachithunzi. Tochi ya pamutu, wenzulo, machesi okulungidwa m'pepala lapulasitiki, mtedza wokazinga, mbatata yophika, botolo la madzi: palibe chodula pamenepa. Chodula ndi tsiku loonjezera lija, ndipo ngati gulu silingathe kulipeza, lisinthe kopita. Mulanje ali ndi malo ambiri oti masiku awiri akukwanira. Mukhoza kukwera kukagona ku Chambe n'kuona khoma lamwala limene okwera matanthwe amachokera kutali kudzaliona, kapena ku Lichenya, n'kutsika mawa lake mutaona zokwanira kusimba chaka chonse. Amene akufuna kuyamba pafupi, phiri la Dedza ndi lotalika mamita pafupifupi 2,200 ndipo ndi ulendo wa tsiku limodzi. Kuli Nkhoma, kuli Bunda, kuli nkhalango ya Ntchisi. Munthu ayambe waona mmene thupi lake limachitira paphiri lapakati asanapite ku lalikulu.

Chotsutsa chachiwiri n'chakuti si gaidi aliyense amene amadziwa ntchito. N'zoona. Pali anyamata amene amakuthamangirani mukangotsika galimoto, n'kudzitcha magaidi chifukwa anabadwira pafupi ndi phiri. Pali ena amene angakuuzeni kuti kunja kwaipa chifukwa choti atopa. Yankho lake n'kutenga amene ali m'kaundula wa ofesi ya zankhalango, ndi kuwafunsa mafunso musananyamuke: Sapitwa mwakwerako kangati nyengo ino, madzi tikatunga pati, wina akathyoka mwendo tichita chiyani? Wodziwa ntchito sakhumudwa ndi mafunso otere. Ndipo ngakhale zitachitika kuti gaidi wakubwezani pachabe, mwataya chithunzi ndi ndalama. Mukamukana iye ali wolondola, chotayika chake sichibwezeka.

Chachitatu amanena achinyamata: tili ndi mafoni, muli mapu, tikasochera tiimba. Netiweki paphiri lija imapezeka apa ndi apo, m'zigwa zambiri mulibe. Batire limatha msanga kukazizira, ndipo limakhala litatha kale ndi mavidiyo ndi nyimbo. Foni ingakuuzeni kuti kanyumba kali mamita 500 kumadzulo, koma singakuuzeni kuti pakati panu ndi kanyumbako pali phompho. Ndipo tiyerekeze kuti mwaimba, wina wayankha. Abwera ndani, nthawi yanji?

Funso limenelo tiliyankhe moona. Pa 10 June 2024 ndege ya asilikali inagwa m'nkhalango ya Chikangawa kunja kuli koipa, ndipo inapha Wachiwiri kwa Pulezidenti Saulos Chilima pamodzi ndi anthu ena 8. Dziko lonse linali maso, asilikali ndi apolisi ambirimbiri anali m'nkhalangomo, komabe ndegeyo inapezeka tsiku lotsatira. Imeneyo inali ndege, pamalo ofikika ndi galimoto. Nanga munthu mmodzi wovala jekete yakuda, atagona pakati pa miyala m'nkhungu ya pa Sapitwa? Ngakhale helikopita itapezeka, singauluke m'chiperoni. Amene adzabwere ndi anthu apansi, ndipo kuti uthenga utsike, anthu asonkhane, akwere, usiku umodzi wadutsa kale. Usiku umodzi umenewo ndi umene umapha. Gulu lililonse likwere likudziwa kuti kwa maola oyambirira lidzadzipulumutsa lokha, ndipo n'chifukwa chake silingasiye munthu m'mbuyo. Wotopa abwerere ndi munthu wodziwa njira, osati yekha, ndiponso osati kumusiya pamwala kuti tidzakupeza pobwera.

Ndinene mawu amodzi kwa abale anga amene amakwera mapiri kukapemphera, chifukwa ndi ambiri ndipo ndimawalemekeza. Kusala kudya masiku atatu paphiri laling'ono pafupi ndi mudzi n'kosiyana ndi kuchita zomwezo pa Mulanje mu July. Thupi lopanda chakudya lilibe nkhuni zodzitenthetsera. Abusa amene mukutsogolera nkhosa zanu kumeneko, mwana wa mnzako ngwako yemwe: onetsetsani kuti ali ndi zofunda, ali ndi madzi, ndipo wina pansi akudziwa kumene muli ndi tsiku limene mutsike.

Miyezi yamvula ili ndi zoopsa zakenso. Mitsinje ya paphiri imadzaza m'kanthawi kochepa mvula ikagwa kumtunda, ngakhale pamene muli inu pasanagwe dontho, ndipo kamtsinje kamene munadumpha m'mawa kamakhala kosaoloka madzulo. Anthu a ku Phalombe sanaiwale madzi ndi miyala zimene zinatsika m'phiri mu March 1991, ndipo namondwe wa Freddy mu March 2023 anagumula mapiri a kummwera n'kusiya zipsera zimene zikuoneka mpaka lero. Kudula mikungudza ndi moto wa chaka ndi chaka zasiya nthaka pambalambanda. Njira imene mnzanu anadutsa zaka zisanu zapitazo mwina lero kulibe, ndipo amene akudziwa zimenezo ndi amene anadutsapo sabata yatha.

Boma nalo lili ndi gawo lake. Popeza phirili tsopano lili m'kaundula wa UNESCO, alendo achuluka, akunja ndi a konkuno. Pakhomo lililonse lolowera pakhale buku lolemba amene akwera, njira imene adzere ndi tsiku lotsika, ndipo pakhale munthu amene ntchito yake n'kuona madzulo aliwonse kuti ndani sanatsike. Nthambi yoona zanyengo imalengeza za chiperoni pawailesi. Uthenga womwewo uzipachikidwa pa Likhubula m'mawa uliwonse m'Chichewa. Alonda a tinyumba ta paphiri, makamaka pa Chisepo, akhale ndi wailesi zolumikizirana ndi pansi, machila ndi bokosi la mankhwala. Mabungwe ngati Mulanje Mountain Conservation Trust ndi Mountain Club of Malawi akhala akugwira ntchito paphirili kwa zaka zambiri, ndipo nzeru zilipo kale. Chofunika n'chakuti gawo la ndalama zimene alendo amalipira lizibwerera ku zinthu zimenezi.

Koma opulumutsa enieni ndi onyamula katundu aja. Chaka chilichonse timawaombera m'manja pa mpikisano wawo wothamanga, pamene amakwera ndi kutsika phiri m'maola ochepa, ena opanda nsapato zoyenera. Munthu akasowa, ndi iwowa amene amadzutsidwa usiku, n'kukwera m'nkhungu yomweyo imene yasokoneza mlendo, n'kutsika naye paphewa pamatanthwe oterera. Ambiri amachita zimenezi atavala patapata kapena nsapato zong'ambika, ndi juzi imodzi, popanda amene angalipire chipatala iwo akavulala. Ife tikamakangana nawo pa Likhubula kuti atsitse mtengo, kapena kumusenzetsa mmodzi zikwama za anthu atatu kuti tipulumutse ndalama, tikufooketsa anthu omwewo amene adzatifunefune. Wokonza ulendo wochokera ku Kasungu kuno aike m'bajeti malipiro awo athunthu monga mwa mtengo wa ofesi, chakudya chawo cha masiku onse kuphatikizapo loonjezera lija, ndipo asananyamuke aone ngati aliyense wa iwo ali ndi jekete ndi bulangete la usiku wa pa Chisepo.